Choletsa Sisi

4 Malichi

Okondedwa Sisi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana anu a sitandade wani aja, amene mumati amakumverani kuposa ife abale anu. Kuno tilipo. Magetsi ndiwo akungobwera ngati mlendo. Dzulo anathima ndili pakati pometa wapolisi, ndipo anatuluka m'shopu mutu uli mbali imodzi, chipewa atachikokera mpaka m'makutu. Sanandimange.

Nkhani ndi ya alamu anu. Pakati paja pafika miyezi isanu ndi iwiri ndipo mwana akusewera bwino, koma mayi wake akukanda. M'zikhatho ndi pansi pa mapazi ndimo mwavuta. Palibe zidzolo, palibe totupa, khungu lili see, koma munthu akudzikanda ngati wagona pa chitedze. Poyamba mlandu unagwera ine. Anati ndi tsitsi la makasitomala limene ndimabwera nalo m'zovala, ndiye ndinayamba kuvulira malaya pakhonde, aneba akuonerera. Sizinathandize. Tinasintha sopo, tinayanika matiresi, tinathira mankhwala a nsikidzi zimene kulibe. Makina awo osokera angokhala, chifukwa phazi likaponda kawiri, kachitatu akulikhula pachitsulo.

Lachiwiri tinapita kusikelo. Adokotala anawatenga magazi, ndipo titabwerera Lachisanu anatiuza dzina la matendawo. Apa ndi pamene ndikufunira inu ophunzira. Pakamwa pawo panatuluka mawu oyamba ndi "ko", ndinamva ndi makutu angawa. Koma m'buku la kusikelo analemba mawu oyamba ndi "cho". Ndakopera chilembo ndi chilembo, onani: cholestasis. Ananenanso zina zambiri, koma pakhomo panali mzere wa amayi wofika kumsewu, ndipo iwo ankalankhula dzanja lili kale pa buku la munthu wina. Ine ndinangogwira "ko" yekhayo.

Mawuwo ndinawalemba ndi sopo pagalasi la m'shopu kuti wodziwa andithandize. Aliyense wokhala pampando anasanduka dokotala. Wosoka nsapato anati ndi matenda a anthu olemera, ndisangalale. Dalaivala wina anati mkazi wake anadwalapo omwewo, koma titamufunsitsa tinapeza kuti anali dzino. Kenako panabwera mkulu wadazi uja, amene amadzawerenga nyuzipepala yaulere pamene alibe choti ndimete. Anavala magalasi, anayandikira, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono.

"Cho... le... tsa... si... si. Choletsa sisi! Mnyamata iwe, uli ndi mchemwali?"

Ndinati ndili naye, ndi mphunzitsi kutauni.

"Basi, muuze asabwere. Adokotala alemba."

Shopu yonse inafa nacho chiseko, ine mpaka ndinazimitsa makina. Ndiye mwamva, Sisi, mbiri yanu yafika mpaka kuchipatala.

Tatifunsirani kumeneko kuti matenda enieni ndi ati, a "ko" kapena a "cho", kapena alamu anu ali ndi onse awiri. Mukapeza mpata munditumizirenso mipeni ya makina ometera, ya mtundu uja munagula chaka chatha. Yakuno ikumwetula tsitsi ngati mbuzi.

Ine mlongo wanu,
Mzime


15 Malichi

Mzime,

Kalata yako ndalandira. Ndili bwino. Ana anganso ali bwino, sabata ino afika pa cha, che, chi, cho, chu, ndipo ambiri akutha.

Uthenga wako ndaumva. Sunafunike kuvutitsa nkhalamba yadazi kuti indiuze. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndimadziwa mwana akamati "mnzangayu akuti" pamene wonena ndi iye mwini. Ngati kunyumba kwanu mwagwirizana kuti ulendo uno ndisabwere, kunali bwino kungolemba mzere umodzi. Sindikanakwiya. Ngakhale panopa sindinakwiye.

Ulendo watha ndinabwera chifukwa amayi kulibe ndipo wamkulu ndine. Ndinapempha tchuthi, ndinagona pasimenti m'chipatala, ndipo mwana atabadwa wosalira ndine ndinamukulunga. Titamuika, m'mawa mwake ndinalowa kuchipinda kuti ndinene kuti madzi osamba atentha. Ndinapeza mkazi wako ali m'tulo tofa nato, dzuwa litakwera kale. Atatsegula maso ndinangofunsa kuti, "Mukugona?" Mawu amodzi. Kuyambira pamenepo mpaka ndinakwera basi sanandiyang'ane kumaso, ndipo zaka ziwiri tsopano moni wake amadzera mwa iwe. Sindikudandaula, ndikungokumbutsa.

Tsopano za mawu ako aja. Cholembedwa "cho" chimawerengedwa "cho". Izi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akhoza kukuuza. Ngati adokotala ananena "ko", ndiye ananena chinthu china, ndipo chinthucho ndikuchidziwa: kolesitolo. Ahedi athu ali nayo. Ndi mafuta ochuluka m'magazi, ndipo sipha munthu lero ndi lero. Ahedi anangosiya zokazinga, ali gwa, akutivutitsabe. Zolemba za madokotala usamazitengere kumtima, amalemba ngati nkhuku yapalasa, ndipo iwenso kukopera sunali katswiri. Mkazi wako achepetse mafuta. Kuyabwako ndi kutentha, pakati pamatero.

Chinanso, matenda a mkazi salembedwa pagalasi la shopu. Ufufute.

Mipeni ndatumiza m'kaphukusi kapadera, usadzaiwale kuithira mafuta. Tchuthi chikubwerachi ndalembetsa maphunziro a aphunzitsi, poti ndilibe kopita. Ndidzabwerera kusukulu akatha.

Upereke moni.

Mchemwali wako


27 Malichi

Sisi,

Moni. Mipeni yafika ndipo ikugwira ntchito, zikomo kwambiri.

Koma Sisi, mwandilasa. Ine ndimati ndikusekeseni, inu mwamva mlandu. Mukundidziwa kuyambira ndili wamamina kuti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Palibe amene anandituma. Alamu anu kalata yanga ija sanaione n'komwe. Yanuyi ndi imene aiona, chifukwa ndinaiiwala m'thumba la malaya ndipo ochapa ndi iwo. Anaiwerenga ataimirira, anaipinda bwinobwino, n'kuitsindika ndi sizasi yawo patebulo. Ine ndikanakonda akanandilalatira.

Malangizo anu tatsatira. M'nyumba muno mafuta sakulowanso, zonse n'zowiritsa. Amene waonda ndine, lamba ndaboola bowo lina. Mawu a pagalasi ndafufuta, ndipo mkulu wadazi ndamuuza kuti nyuzipepala azigula yake. Wabwerabe lero.

Kusikelo anati tizipita sabata iliyonse kukatengetsa magazi. Tinapita kamodzi, n'kupeza makina oyezera atawonongeka, tinangotenthetsa benchi. Ulendo wachiwiri sitinapite. Alamu anu anati ngati ndi mafuta chabe, palibe chifukwa chotayira tsiku lonse kumeneko pamene madiresi a eni ake akudikira. Ine sindinawakakamize. Mukukumbuka kuti khomo la sikelo limayang'anizana ndi chipinda chija anaberekeramo ulendo watha, ndipo akamadutsa pamenepo amayang'ana pansi.

Kukanda ndiye kwakula. Bulashi yanga yochotsera tsitsi m'khosi anandilanda, ndipo zipeso ziwiri zatha mano. Masiku ano amakhala mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, nsalu ili pamiyendo, akusoka pamanja. Tulo sakupeza. Ine ndikadzuka ndimawapeza atakhala kale m'mphepete mwa bedi, zikhatho akuzikhula pamaondo. Dzulo ataima pawindo ndinaona ngati maso achita kachikasu pang'ono, koma mwina ndi katani yathu ija, mukudziwa mtundu wake.

Ahedi anu nawonso amakanda? Tawafunsani.

Tchuthi chino bwerani, Sisi. Maphunziro adzakhalapo ndi chaka chamawa. Ndikulonjeza kuti ndikadzakulandirani kusiteji, pakamwa ndidzamata pulasitala.

Mzime


30 Malichi

Alamu,

Moni. Ndine mkazi wa mlongo wanu. Sindinakulemberenipo, ndiye mukhululuke ngati sindikudziwa kayambidwe kake. Muli bwanji? Ine ndilipo.

Za nthabwala zija sindinatume munthu. Ine ndikafuna kukana munthu ndimakana ndekha.

Ndalemba chifukwa cha mawu aja. Amuna anga anagwira "ko", koma ine ndinagwira zina. Adokotala atanena dzinalo anatembenukira kwa ine n'kunena m'chinenero chathu kuti, "Mayi, ndulu yaima." Za mafuta sananene. Ananenanso kuti mwina mwanayu adzafunika kumutulutsa masiku ake asanakwane. Nthawi imeneyo amuna anga anali kalikiliki kusuzumira m'buku, ndipo ine sindinawauze, chifukwa akanazilembanso pagalasi.

Inu mutalemba za mafuta ndinasangalala, ndisaname. Ndinasankha kumva zanuzo chifukwa zinali zopepuka. Ine ndine telala, ndikudziwa kuti chovala ukachichotsa pamakina chisanathe, sichichedwa kumasuka. Woyamba uja ndinamusunga mpaka masiku ake onse, ndipo sindinamumve kulira. Uyu akuti ndimutulutse asanakhwime. Ndiye sindikudziwa kuti ndiope chiti.

Pali china. Kuyabwa kumeneku si kwachilendo kwa ine. Ulendo wathanso kunabwera, malo omwewa, miyezi yomweyi. Sindinauze munthu. Ndinkakandira kumbali, ndinkati ndi kutentha, ndipo kusikelo sanandifunse. Ulendo uno amuna anga aona chifukwa kwanyanya.

Mwana akusewera. Ndikamwa madzi ozizira amandimenya kumanzere kuno. Akakhala chete ndimasiya singano mpaka agwedezeke, choncho ntchito sikuyenda, ndipo mayi wina wabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka.

Pempho langa ndi limodzi. Musandiwerengere mawuwo, kuwerenga ndikudziwa kuti mumatha. Mukafunse munthu amene amagwira nawo ntchito, akuuzeni tanthauzo lake, ndipo mundilembere monga wanenera, osachepetsa. Kuno ndikafunsa amayankha mothamanga, ndipo ine ndikangoyandikira chipinda chija makutu amatseka. Mukandiuza inu kuti ndipite, ndipita. Simunyengerera munthu, n'chifukwa chake ndasankha inu.

Kalatayi amuna anga sanaione. Keyala ya kusukulu kwanu ndaitenga pa envulopu yanu.

Ine mlamu wanu


18 Epulo

Alamu,

Moni sindichulukitsa. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa kuti ifike lero lomwe. Mukamaliza kuwerenga, tengani buku la kusikelo ndi zovala, mupite kuchipatala. Osati mawa. Mzime, iwenso werenga, ndipo utseke shopu.

Makalata anu awiri ndawapeza dzulo m'kabati ya ahedi. Akhala mmenemo tchuthi chonse, ine ndili kophunzira kuphunzitsa zimene ndimaphunzitsa kale.

M'kalasi mwanga muli mtsikana wina wolongolola amene mayi ake ndi mzamba wamkulu pachipatala cha kuno. Nditaweruka ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akuvula nsapato za kuntchito.

"Aphunzitsi, walakwanso chiyani?"

Ndinati lero wolakwa si iye. Kenako ndinanena ndi mawu anga a m'kalasi kuti ndabwera kudzafunsa za cho-le-si-ta-si-si.

"Za chiyani?"

Ndinabwereza mokweza, ngati kuti vuto lili m'makutu mwawo. Pomaliza ndinawaonetsa pamene Mzime anakopera.

"Oo, kolesiteisisi. Ndani ali nayo? Ndi woyembekezera? Miyezi ingati?"

Nditayankha, nsapato inayo sanaivulenso. Anandikhazika pansi, ndipo zimene ndikulembazi ndi zawo.

Matenda ndi amodzi. Onenedwa ndi olembedwa ndi omwewo, ndipo Mzime anakopera bwino. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ndipo mawu ambiri a kuchipatala ochokera kumeneko, "ch" wawo amatuluka ngati "k". Anandifunsa ngati kusukulu kwathu kuli chithunzi chija cha kusamba m'manja. Chilipo, pakhoma la kalasi yanga, pafupi ndi bolodi. Anati ndikaone mmene matenda aja analembedwera. Analembedwa cholera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuloza ndi ndodo pa "ch" ameneyo, pakamwa ndikunena kolera, osaona kanthu.

Unene motere, Mzime: ko-le-si-TEI-sisi, mawu ukweze pa "tei". Ambiri amangoti kolesitasisi ndipo achipatala amamva. Chachikulu uyambe ndi "ko".

Ndi mawu awiri olumikiza. Liwu loyamba ndi ndulu, lachiwiri ndi kuima. Adokotala anu anamasulira ndendende, alamu: ndulu yaima. Chiwindi chimapanga ndulu, ndipo imatsika m'timipaipi kupita m'matumbo kukathandiza kugaya chakudya. Njirayo ikatsekeka, kapena ndulu ikamayenda mozengereza, imabwerera m'magazi. Ndi imene ikukuyabwani. Mkodzo umada, ndipo maso amatha kuchita chikasu, choncho katani yanu ilibe mlandu. Kwa anthu ena chotseka ndi timiyala, kwa ena ndi mankhwala kapena matenda a chiwindi. Kwa amayi ena ndi pakati penipenipo, ndipo zimatha mwana akabadwa. Kolesitolo ndi nkhani ina. Amangofanana kumutu kwa dzina.

Munati ndisachepetse. Kwa inu ndi kuzunzika, koma choopsa chachikulu chili kwa mwana. Ndulu ikachuluka m'magazi, mtima wake ukhoza kuima m'mimba mwadzidzidzi, makamaka masabata omalizawa, ngakhale dzulo lake ankasewera bwino. Kusewera kwake si chitsimikizo. N'chifukwa chake amayeza magazi pafupipafupi, amapereka mapiritsi, ndipo akaona kuti yakwera amamutulutsa masiku asanakwane. Ndinawauza za chovala chanu chosatha. Anati pa msinkhu wafikawu chatsala ndi mabatani, ndipo amenewo amasokerera chili panja.

Ndinawauzanso za ulendo watha. Anati sangalumbire pa zimene sanaone, koma matendawa amakonda kubwereza. Akuti muwauze adokotala anu zimenezo musanakhale pampando.

Za mafuta zija zichotseni m'mutu. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli ndinadyetsa inu.

Pitani.

Mlamu wanu


19 Epulo

Sisi,

Ndikulemba pabenchi ya kuchipatala, pepala ndapempha kwa alonda, ndiye musayang'ane kalembedwe.

Kondakitala anafika kushopu dzulo masana ndili pakati pometa mwana wa sukulu. Ndinamusiya ndi msewu umodzi pakati pamutu, bambo ake adzandipeza. Alamu anu anawerenga kalata yanu kamodzi, anapukuta mapazi, n'kukoka chikwama pansi pa bedi. Chinali chopakira kale, ine osadziwa.

Njira yonse ndinkayeserera mawu aja ngati mwana wopita kumayeso. Pofika tinapeza mzere wa masiku onse. Ndinadutsa mpaka kutsogolo, amayi akundinena, n'kuuza anesi kuti, "Mkazi wanga ali ndi kolesiteisisi, ndipo woyamba anapita." Anesiwo anadzutsa mutu. Anatenga buku, anaona masiku amene sitinabwere, ndipo anandiyang'ana mmene mumandiyang'anira inu. Sanatibweze kumzere.

Anamvetsera mtima wa mwana. Panatenga nthawi kuti aupeze, kapena ndine ndinaona kutalika. Ulipo. Za ulendo watha alamu anu ananena okha asanakhale pansi, ndipo inenso ndinazimvera pomwepo. Zotsatira za magazi zatuluka m'mawa uno, akuti ndulu yakwera kwambiri kuposa mwezi watha, ndiye adokotala anati sadikiranso. Awaika diripi yoyambitsa kubereka. Ali m'chipinda chija, chomwe chija, ndipo polowa sanayang'ane pansi. Ine andiuza kuti ndikhale panja. Ndafunsa kawiri, akuti ndidikire.

Basi inyamuka posachedwa, ndiye ndithere pano. Lero ndilibe choseketsa.

Mzime


24 Epulo

Mzime,

Moni. Kuyambira kalata ya pabenchi ija sindinalandire kanthu. Ndikaweruka ndimapita kusiteji, ndipo kondakitala uja wayamba kundipukusira mutu ndisanafike pabasi. Ndimabwerera, ndimachonga makope. Ahedi andifunsa ngati ndikudwala, chifukwa dzulo ndinachonga makope a kalasi ya mnzanga mpaka kumaliza.

Chilichonse chimene chachitika, lemba. Ngati n'choipa mzere umodzi ukwana, ndidzadziwa zonyamula. Sindibwera osaitanidwa, koma chikwama chili pakhomo.

Mchemwali wako


27 Epulo

Alamu,

Moni. Muli bwanji? Ife tilipo, atatu.

Ndi mtsikana. Anabadwa tsiku lomwe amuna anga anakulemberani, madzulo ake. Analira. Mawu ake ndi aang'ono, koma analira, ndinamva ndekha. Atangolira anamutenga kupita naye kuchipinda cha ana osakwana masiku, chifukwa kupuma kunkamuvuta, ndipo anakhala kumeneko m'kabokosi kofunda mpaka dzana. Amuna anga sanakulembereni chifukwa akuti sadziwa kulemba kalata imene mapeto ake sakuwadziwa. Ankangokhala pabenchi ija, mpaka anameta alonda onse kwaulere. Kalata yanu itafika ndinati andipatse cholembera.

Tatuluka dzulo. Akuyamwa. Zovala zimene ndinamusokera zonse zamukulira, ndiye ndikupinda manja ake ndi mapini. Mkulu wadazi uja watumiza sopo, akuti mwanayu dzina lake ndi Choletsa. Ndabweza dzinalo, sopo ndasunga.

Adokotala ndinawafunsa za woyamba uja. Ulendo uno makutu sanatseke. Ananena zofanana ndi za azamba anu, kuti sangatsimikize, koma zikuoneka choncho. Anati ndikadzakhalanso ndi pakati ndidzanene mawuwo tsiku loyamba la sikelo. Ndinawanena pomwepo kuti amve ngati ndikutha, ndipo anati ndikutha kuposa amuna anga.

Kuyabwa kunayamba kuzilala mwana atangobadwa, ndipo patapita masiku ochepa kunatheratu. Akuti zimatero. Atanena zimenezo ndinakumbuka m'mawa uja munalemba m'kalata yanu.

Ulendo wathanso kunatha momwemo. Ndinali nditatha miyezi iwiri osagona, ndikukandira kumbali. Titamuika mwana, m'manja ndi m'mapazi munangoti zii, ndipo thupi linagona lokha osandifunsa. Tinali tulo tabwino, alamu, tabwino kuposa tonse timene ndinagonapo. Munandipeza inu. Munafunsa kuti, "Mukugona?" ndipo inenso ndinadzifunsa zomwezo: ndi mayi wanji amene amagona chonchi mwana wake ali m'dothi? Sindinakwiye nanu. Ndinkachita manyazi, chifukwa ndinu nokha munaona. Zaka ziwiri ndakhala ndikuganiza kuti mwina mumtima mwanga muli chinachake chosakhala bwino. Tsopano ndadziwa kuti inali ndulu yayambanso kuyenda, basi.

Tulo tija tabweranso, tambiri, ndipo mwanayu safuna kugonekedwa. Bambo ake amamunyamula ngati agwetsa, ndiponso kushopu kuli mwana wa sukulu wa msewu pamutu amene akudikira.

Bwerani Loweruka ndi basi ya m'mawa. Mukapeza chitseko cha kuchipinda chotseka, lowani osagogoda. Mundipeza ndikugona. Musandidzutse, mungomutenga.

Ine mlamu wanu